Injini ya a Kalipentala Inatsala Kutsidya

Amene analakwira a Kalipentala ndi anthu awiri: makaniko wina wa dziko lakutsidya amene anthu amangomutchula kuti Ndevu, ndi mlamu wawo weniweni, mwamuna wa mlongo wawo. Zinachitika chaka chatha, mvula itangosiya. Awiriwa anazula injini m'pikapu ya a Kalipentala n'kuikamo ina yosadziwika kochokera, mwini galimoto ali kalikiliki kukhoma zitseko m'nyumba ya mlamu yemweyo.

Pikapuyo inali yakale. A Kalipentala anali atakhala nayo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo ndiyo inkakatenga matabwa kwa ocheka, ndiyonso inkakatula mabedi ndi makabati kwa oitanitsa. Ana awo ankaiseka kuti inapuma pantchito kalekale, kungoti palibe anaiuza. Thupi lake linalidi lotha, chitseko cha kumanzere chinkamangidwa ndi chingwe. Koma injini yake inali ya dizilo ya makedzana, ija yosadziwa kudwala. Anthu odziwa zitsulo akaimva ikulira ankafunsa ngati ili pamalonda, ndipo a Kalipentala ankayankha kuti munthu sagulitsa miyendo yake.

Mlongo wawo wamng'ono anakwatiwa kutsidya kwa malire zaka zambiri zapitazo. Tsiku lina anaimba foni kuti nyumba yawo yatsopano yafoleredwa, yangotsala zitseko.

"Akalipentala akuno amakhoma ngati akumanga khola la nkhumba, achimwene. Bwerani nazo zanu."

A Kalipentala anapanga zitseko zisanu ndi ziwiri ndi mafelemu ake, anazimanga bwino pa pikapu, n'kuuyamba. Pa malire ofesala wachinyamata anawalembera chikalata cholowetsera galimoto. Analemba nambala ya galimoto, kenako anatsegulitsa boneti, anapukuta injini m'mbali ndi kansanza, n'kukopera nambala yodindidwa pachitsulopo.

"Masiku makumi atatu, bambo. Galimoto imene yalowa ndi imene ituluke."

A Kalipentala anapinda chikalatacho kanayi n'kuchiika m'thumba la m'kati mwa jekete.

Vuto linayambira pa chitunda chachitali, patatsala pang'ono kuti alowe m'tauni ya mlongo wawo. Kamuvi kosonyeza kutentha kanakwera mpaka pofiira, nthunzi n'kuyamba kutuluka m'mbali mwa boneti. Anaimika pambali pa msewu, anatchinga matayala ndi miyala, n'kudikira kuti izizire. Atatsegula pothirira oyilo anapeza oyiloyo atasanduka ngati tiyi wamkaka. Sanafunike wowauza. Gasiketi inali itapsa, madzi alowa m'oyilo. Matenda amenewa anali atawaonapo kamodzi, ndipo kwawo anachira m'masiku awiri.

Koma uku sikunali kwawo. Foni yawo inali itasiya kugwira chiwolokereni malire, moti anachita kubwereka ya mayi wina wogulitsa nthochi kuti aimbire mlamu wawo.

Mlamuyo anafika dzuwa litapendeka, atakwera kutsogolo kwa chigalimoto chokoka magalimoto owonongeka. Anali munthu wonenepa, wa pakamwa pokoma, mwini sitolo ndi chigayo kumsika. Atasuzumira m'boneti sanafunse n'komwe pamene pavuta. Anangoisisita injini ija ngati akusisita ng'ombe ya mnzake.

"Zitsulo izi sakupanganso masiku ano, alamu."

Woyendetsa chigalimoto chija anakoleka tcheni pa bampala. A Kalipentala anamuuza kuti akoleke pansi, pa chitsulo chachikulu.

"Madala, inu ndi a matabwa. Zitsulo tisiyireni ife."

Pofika ku galaja bampala inali itapindika ngati chikwakwa. Wokokayo analumbira kuti anaipeza ili choncho. A Kalipentala anayamba kukweza mawu, koma mlamu wawo anawagwira pamkono.

"Kwa eni kulibe mkuwe, alamu. Zisiyeni. Ndevu awongola."

Galaja ya Ndevu inali bwalo lotchingidwa ndi malata akale, kuseri kwa malo omatira matayala. Dothi lake linali lakuda ndi oyilo wa zaka zambiri. Kumpanda kunali magalimoto akufa anayi, ina nkhuku zinkaikiramo mazira. Pakati panali zitsulo zitatu zoimika ngati mafuwa aatali, ndi tcheni chokwezera injini chili lende. Pansi pa mtengo panali mpando wong'ambika wochokera m'minibasi, wokhalapo eni magalimoto. Ndevu mwiniyo anali wamtali, wowonda, ndevu zake zofika pachifuwa, ndipo polankhula ankayang'ana galimoto osati munthu.

"Ndi gasiketi," anatero a Kalipentala. "Mutsegule pamwamba pokha, musinthe gasiketi, muthire oyilo watsopano. China chilichonse musakhudze."

"Ndiye mwadzatani kuno, madala, poti mankhwala mukuwadziwa kale?"

"Ndilibe masipanala."

Ndevu anaseka. "Masiku anayi."

A Kalipentala sankakhulupirira munthu aliyense wogwira sipanala, ngakhale akwawo omwe. Zitseko zitatengedwa pa ngolo kupita ku nyumba yatsopano, iwo anasankha mpando wa minibasi uja. Ankafika m'mawa geti lisanatsegulidwe, n'kuchoka madzulo litatsekedwa. Masiku anayi anakhala asanu ndi anayi. Gasiketi inkachokera ku mzinda waukulu. Poyamba kondakitala wa basi anaiiwala. Kenako inabwera, koma inali ya galimoto ina. Kenako wogulitsa anapita ku maliro. Tsiku lililonse a Kalipentala ankatulutsa chikalata chija, kuwerenga masiku ndi chala, n'kuchibwezera m'thumba.

"Simutopa, madala?" anafunsa Ndevu tsiku lina. "Mumandiyang'ana ngati ndakubereni mkazi."

"Mkazi wanga anamwalira. Ndatsala ndi iyi."

Miyendo inayamba kuwatupa chifukwa chokhala malo amodzi. Pa tsiku la khumi ndi chisanu ndi chitatu mlongo wawo anawatsekereza pakhomo m'mawa, asanavale nsapato.

"Achimwene, mukufuna mudzafere pa mpando wa minibasi? Zitseko zanu zija zayamba kupindika, chiyedzamireni pakhoma. Mwavutikira chiyani nanga?"

"Za ku galaja ndisiyireni ine," anawonjezera mlamu, akupukuta m'manja. "Ndevu amandiopa. Inu akukuonani mlendo, n'chifukwa chake akuzengereza."

Mawu akuti zitseko zikupindika ndi amene anawagonjetsa. Nyumba yatsopanoyo inali kumapeto ena a tauni, kutali ndi galaja. Atafika anapeza kuti womanga nyumbayo sankadziwa chingwe: khomo lililonse linali lopendekeka mwamtundu wake. Anachita kusema apa, kuwonjezera apo, kupala chitseko chilichonse mpaka chizitseka ndi chala chimodzi. Ntchito ya masiku atatu inatenga masiku asanu ndi atatu, ndipo kunena zoona masiku amenewo mtima wawo unapumako. Madzulo aliwonse mlamu ankabwera ndi nkhani yabwino. Gasiketi yafika. Ndevu watsegula. Mawa amaliza.

Pa tsiku la makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri mlamu anawauza kuti galimoto yatha kukonzedwa, ndipo anapita nawo ku galaja. Anaipeza itaimikidwa pageti, yotsukidwa, bampala ikadali yopindika. Analowa, anapotokola kiyi, ndipo inalira nthawi yomweyo, mosalala, ngati makina osokera. A Kalipentala anatchera khutu, dzanja lili pa kiyi. Injini yawo sinkadzuka choncho. Inkayamba yatsokomola kawiri, kugwedeza galimoto yonse, kenako n'kuyamba kulira mwamphamvu. Anazimitsa, anatsika, anatsegula boneti.

"Iyi si injini yanga."

"Ndi yanu, madala," anatero Ndevu. "Si ili m'galimoto yanu?"

"Ndinati musinthe gasiketi."

"Titatsegula tinapeza buloko, thupi lenileni la injini, itang'ambika. Gasiketi singamate mng'alu. Alamu anuwa anavomera kuti tiike ina."

"Munafunsa mwini wake?"

"Sitinafune kukudetsani nkhawa, alamu," anatero mlamu. "Ndi miyendo yanuyo. Taonani, iyi ndi yatsopanoko, siidya mafuta. Ena akanathokoza."

"Yanga ili kuti? Ndione mng'aluwo ndi maso anga."

Ndevu analoza kugeti ndi chibwano. "Ogula zitsulo zakutha anadutsa dzana. Pano ili kutali."

A Kalipentala anatulutsa chikalata chija n'kuloza nambala ya injini. Ndevu anaiyang'ana pang'ono n'kuseka.

"Potuluka ndani amasuzumira m'injini? Amangodinda, mwapita. Ine ndasintha mainjini a anthu a kwanu osawerengeka. Koma poti ndinu amantha, dikirani."

Anang'amba pepala m'kope, analemba mizere itatu yonena kuti iye, makaniko, wasintha injini chifukwa yakale inafa, n'kusaina. Chala chake chinasiya chidindo cha oyilo pakona. Chidindo china panalibe.

Masiku anali atatsala atatu. A Kalipentala anaganiza zokhala kuti alimbane nawo, koma akanalimbana ndi ndani, kuti, m'dziko limene ngakhale foni yawo sinkawadziwa? M'mawa mwake anatsanzika. Mlongo wawo anawapatsa kamba wa panjira, koma sanawayang'ane kumaso.

Pa malire panali ofesala wina, mayi wachikulire wa magalasi. Anawerenga chikalata mosafulumira.

"Tsegulani boneti, bambo."

Anapukuta injini m'mbali, anawerama, anayang'ana pachikalata, anaweramanso. A Kalipentala anamupatsa pepala la Ndevu. Mayiyo analigwira ndi zala ziwiri.

"Ichi n'chiyani?"

"Kalata ya makaniko."

"Bambo, ngakhale mdzukulu wanga akhoza kulemba izi. Injini iyi yachokera kuti? Lisiti lake lili kuti? Apolisi anaiona kuti si yobedwa?"

Anafotokoza zonse, kuyambira pa chitunda. Mayiyo anamvetsera mpaka pamapeto, ndipo sanawakalipire. Mwina akanakalipa zikanapepukako.

"Ndakumvani. Koma ine ndimatulutsa galimoto imene inalowa. Njira zilipo ziwiri. Mubweretse injini ya nambala iyi ibwerere m'malo mwake, kapena mubweretse kalata ya apolisi yonena kuti inabedwa, ndi dzina la amene anaba. Chikalata chikatha izi zisanachitike, galimoto imakhala yolowa mozemba. Pamenepo si nkhani yanganso."

Anawalozera mpanda wa waya kuseri kwa ofesi. A Kalipentala anayendetsa okha pikapu yawo kukaiimika pakati pa lole yopanda matayala ndi basi yomera udzu m'mawindo. Anatsitsa bokosi la zida zawo, anamanga chitseko cha kumanzere ndi chingwe chake, n'kupereka makiyi.

Anabwerera pa basi, ataimirira njira yonse. Anatsikira kumsika masana, n'kulunjika ku sitolo ya mlamu wawo kuti apite naye kwa Ndevu akafunse kumene ogula zitsulo aja amakhala. Asanafike pasitolo anamva kutsokomola kawiri kuseri kwa nyumba, kenako kulira kwamphamvu. Anaima pakati pa njira mpaka wanjinga anawaimbira belu.

Chigayo cha mlamu chinali m'kanyumba ka malata kuseri kwa sitolo. Chifikireni m'tauniyo a Kalipentala anali asanachimvepo chikulira, ndipo mlongo wawo anali atanenapo kuti chinaima kalekale. Tsiku limenelo panja panali mzere wa amayi ndi matumba awo. M'kati, pa simenti yatsopano, panali injini yomangidwa ndi mabauti anayi, lamba akuzungulira. Pa paipi ya mafuta panali kawaya kofiira kamene a Kalipentala anakulungapo okha zaka zisanu zapitazo. Anaizungulira, osasamala fumbi la ufa, anayang'ana mbali zonse. Mng'alu panalibe. Powotcherera panalibe. Panali gasiketi yatsopano, m'mphepete mwake mukuoneka bwinobwino.

Mlamu analowa akupukuta thukuta. Anauza woyendetsa chigayo kuti azimitse, ndipo amayi panja anayamba kung'ung'udza.

"Mwabwerera, alamu? Mwaiwala chiyani?"

"Ogula zitsulo zakutha aja ndi inu?"

"Aa, ndinachita kuiwombola kwa iwo. Ndinamva chisoni kuti chitsulo chabwino chonchi akachiphwanye."

"Mng'alu uli pati?"

Mlamu anayang'ana injini, anayang'ana kudenga. "Za mng'alu amadziwa ndi Ndevu. Ine si makaniko."

"Galimoto yanga aigwira pa malire. Mumasule injiniyi lero, Ndevu akaibwezeretse mawa."

"Lero? Alamu, taonani mzerewu. Anthu angokolola kumene. Ndikaimitsa sabata imodzi yokha, onsewa apita kwa mnzanga wa kuseri kwa depoti, ndipo sabwereranso. Dikirani miyezi iwiri. Ikatha nyengoyi tidzakhala pansi ngati pachibale."

"Chikalata chikutha mkuja."

"Mapepala amakonzedwa. Ndili ndi munthu wanga pa malire paja, ndimuimbira."

Sanamuimbire, ndipo a Kalipentala sanamve dzina la munthuyo mpaka lero.

Kwa Ndevu anapeza miyendo yokha ikutuluka pansi pa minibasi. Analankhula ndi miyendoyo.

"Ndaiona injini yanga."

"Ndiye mwapeza chanu, madala. Vuto lili pati?"

"Munati inang'ambika."

"Ine ndimagwira zimene ndatumidwa. Amene anabweretsa galimoto pano ndi alamu anu, amene analamula ndi alamu anu. Nkhani za pabanja panu musandilowetsemo."

"Ndipatseni lisiti la injini munaikayo."

Ndevu anatuluka pang'ono, mutu wokha. "Inachokera m'galimoto imene inagubuduzika. Mwini wake anafera pa ngozi yomweyo. Mukufuna ndikamudzutse akulembereni?"

Anabwereranso pansi pa minibasi, sipanala n'kuyamba kulira.

Inatsala njira yachiwiri. Madzulo amenewo a Kalipentala anauza mlongo wawo kuti m'mawa apita kupolisi. Anali awiriwiri m'nyumba yatsopano ija, mlongoyo akusesa zopalapala za matabwa. Anasiya tsache, anakhala pansi pa simenti, miyendo atatambasula.

"Mukakanena amumanga, achimwene."

"Wakuba amamangidwa."

"Nanga ine? Kuno ndine mlendo ngati inu nomwe. Abale ake adzanditulutsa m'nyumba muno tsiku lomwelo. Ndi shuga wangayu, ndidzapita kuti? Mudzanditenga inu, mudzandigoneke pa matabwa?"

A Kalipentala anamuyang'ana mlongo wawoyo. Uyu ndi mwana amene iwo anamubereka kumsana mayi awo ali kuchipatala, amene anamugulira nsapato zake zoyamba.

"Ndifunse chinthu chimodzi. Tsiku lija munanditsekereza pakhomo, munkadziwa?"

Mlongoyo anayang'ana chitseko cha kuchipinda, chimene chinali chitatsekeka bwino, osasiya mpata ngakhale wa mpeni.

"Zitseko zinkapindikadi, achimwene."

M'mawa anapitabe. Anavala jekete, anatenga bokosi la zida, anayenda pang'onopang'ono chifukwa cha miyendo. Kupolisi anakhala pa benchi pakati pa mayi wobedwa mbuzi ndi mnyamata wotupa diso. Benchilo linali lopangidwa mwaulesi, misomali ili pamtunda, ndipo anakhala akuliyang'ana mpaka nthawi yawo itakwana. Wapolisi wa pakauntala anatsegula buku, anagwedeza cholembera kuti inki itsike.

"Inde, madala. Dandaulo lanu?"

Dzina la mlamu linali pamlomo. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka.

"Ndine mlendo kuno, bwana. Ndimafunsa njira ya ku depoti ya mabasi."

"Mwakhala pa benchi maola awiri kuti mufunse njira?"

"Ndinkapumitsa miyendo."

Wapolisiyo anatseka buku n'kuwalozera ndi cholembera.

Basi inadutsa pa malire dzuwa lili pamutu. Okwera onse anatsika kukadinditsa, ndipo a Kalipentala anaiona pikapu yawo kuseri kwa waya, yoyera chifukwa chotsukidwa kuja. Mayi wa magalasi anawazindikira, anayang'ana m'manja mwawo, ndipo ataona kuti mulibe pepala lililonse anangodinda pasipoti.

Kwawo anauza ana awo kuti galimoto ikukonzedwa. Patapita mwezi anawo anasiya kufunsa. Matabwa anayamba kubwera pa ngolo ya munthu wina, amene amabwera tsiku limene wafuna iye. Oitanitsa mabedi akutali anapeza kalipentala wina wokhala ndi galimoto. Miyezi iwiri ya mlamu itakwana a Kalipentala anaimba foni, ndipo anauzidwa kuti chaka chino anthu akolola zambiri, adikirenso pang'ono. Ataimbanso anayankha ndi mlongo wawo, amene anafunsa za miyendo, anafunsa za ana, kenako anati foni ikutha moto.

Mwezi wathawu anakwera basi mpaka pa malire, anapempha mlonda kuti angosuzumira pa waya. Matayala onse anayi anali ataphwa, batire litachotsedwa, ndipo pagalasi lakutsogolo panamatidwa pepala lonena kuti galimotoyi ili m'gulu la katundu wodzagulitsidwa ndi boma. Ndevu akadali pa galaja yake. Mlamu sanabweze injini, ndipo chigayo chake chikugaya masiku asanu ndi limodzi pa sabata.